Tsiku Logaya Mfuti

"Ndiye akaigaya, mawa kucha mosiyana?"

"Yang'anani kumsewu, achimwene."

"Ndikungofunsa. Amereka yonseyi mfuti zachuluka kuposa anthu, iwe wakakamira imodzi."

"Nditakakamira zonse munandiseka. Lero ndatsala ndi imodzi, mukundisekabe. Ndiime pati?"

Royce Tackett anasintha giya, pikapu yake yakale n'kutsokomola pokwera chitunda chotulukira m'tauni ya Cullen Fork. Mlongo wake wamng'ono, Nadine Sizemore, anakhala pampando wa pambali, chikwama chili pamiyendo. M'chikwamamo munali botolo la jamu lopanda kanthu, lotsukidwa bwino. Nadine ankafuna kuti mfuti ija ikagayidwa atapeko zinyenyeswa zake, akazikwirire kumapazi kwa manda a mwana wake Lacey, kuti mwanayo aziiponda.

Lacey ankagwira ntchito polipirira katundu m'golosale yaikulu ya m'tauni. Chaka chatha, Loweruka lina m'mawa, munalowa mnyamata amene palibe ankamudziwa bwino, atanyamula mfuti yaitali yolavula zipolopolo motsatizana. Anali ataigula sabata yomweyo, mwalamulo, atangosonyeza chiphaso choyendetsera galimoto. Anapha anthu asanu ndi awiri, kenako anadziwombera. Mlandu panalibe, poti woti azengedwe anali atagona kale, ndiye mfutiyo inangokhala m'chipinda cha umboni kupolisi, itamangiriridwa kapepala, kudikira okushoni. Ndi mmene timachitira kwathu kuno: mfuti zolandidwa zimagulitsidwa kwa eni masitolo a mfuti, ndalama zake n'kugulira apolisi malaya otchinga zipolopolo. Amene anaganiza dongosolo limeneli ayenera kuti ankakonda zinthu zoyenda mozungulira.

Nadine sanayambire pa mfuti imodzi. Maliro atatha, maluwa ndi zidole za pakhomo pa golosale zitavunda ndi mvula, anakwera basi ndi amayi anzake ofedwa kupita kwa aphungu kukapempha kuti mfuti za mtundu umenewo ziletsedwe. Aphungu anaimirira, anakhala chete mphindi imodzi, anamugwira chanza ndi manja awiri, n'kukana. Anabwererako kukapempha kuti basi wogula azikhala wamkuluko msinkhu. Anakana. Kuti basi azidikira masiku angapo asanaitenge, mtima uyambe wazizira. Anakananso, koma ulendo umenewo anamupatsa khofi. Pempho lake linkangoperepeseka ngati sopo wa m'bafa, mpaka linatsala kanthu kakang'ono kokwana m'manja mwa khonsolo ya m'tauni: mfuti yomwe inapha Lacey isagulitsidwe, iphwanyidwe.

M'misonkhano yonseyo Royce ankakhala mbali inayo ya holo, pakati pa anzake a ku kalabu ya alenje, chipewa chili kumutu. Msonkhano ukatha ankamudikira mlongo wake panja n'kukamutula kunyumba, poti galimoto ya Nadine inafa kalekale. Ndi Royce yemweyo amene anaphunzitsa Lacey kuwombera agwape, ndipo ndi iye amene anagwira bokosi kutsogolo pa tsiku la maliro.

Anadutsa pa sitolo ya mfuti ya pamphambano. Pamalo oimika magalimoto panali podzaza. Chichitikire ngozi ija malonda pamenepo sanazilale. Ena ankagula poopa wowombera wina, ena poopa kuti Nadine ndi anzake apambana.

"Chimene chikundidabwitsa ine," anatero Royce, "n'choti makhansala avomera msanga. Anthu aja kukwirira dzenje la pamsewu amakambirana chaka."

"Ati kampani yogaya mfutiyi siilipiritsa."

"Eya, pamenepo. Munthu wagula chigayo cha zitsulo, walemba antchito, akulipira magetsi, ndiye azigayira anthu ulere? Ndi tchalitchi?"

"Mwina ali ndi mtima. Alipo anthu otero, achimwene, kungoti ku kalabu kwanu safikako."

"Wayambatu."

"Mwayamba ndinu."

Royce anapukusa mutu. "Mfuti siyenda yokha, Nadine. Yanga ili m'chiunomu chiyambire iwe uli kusekondale, sinalumepo munthu. Ndikanakhala mmenemo tsiku lija..."

"Mlonda wa pakhomo anali nayo yake. Anayamba kugwa ndi iye."

"Ameneyo sanali wophunzitsidwa."

"Nthawi zonse wosaphunzitsidwa amakhala wakufayo."

Anayenda mtunda ndithu. Nadine ankaphika kukhitchini ya sukulu ya pulayimale, ndipo dzulo lake lomwelo kunali kuyeserera kubisala ngati kwalowa wowombera. Belu linalira, ana anazimitsa magetsi n'kukhala pansi pa madesiki, iye ndi anzake ophika n'kudzitsekera m'chipinda chozizira pakati pa makatoni a mkaka. Ana ang'onoang'ono ankachita bwino kuposa aphunzitsi. Kamtsikana kena kanamuuza monyadira kuti iko kamatha kupuma osamveka.

"Chithunzi chija chikadali patebulo?" anafunsa Royce, mawu atatsika.

"Ndimadyera pa sofa."

Chinali chithunzi choduladula, cha tizidutswa tambirimbiri tolumikiza, chimene Lacey anasiya chili pakati. Mayi ndi mwana ankatha nyengo yonse yozizira ataweramira zimenezi. Lacey anali ndi chizolowezi chobisa kachidutswa kamodzi m'thumba la jekete, kuti womaliza akhale iye. Nadine ankakalipa, mwanayo n'kumaseka. "Bwanji mukudandaula, amayi? Si mukuona kale kuti ndi hatchi?"

Kampaniyo inali kuseri kwa malo ogulitsira mathirakitala, chinyumba cha malata chopanda chikwangwani. Galimoto ya polisi inali itafika kale. Munatsika wapolisi wachinyamata, Ocasio, atanyamula bokosi lalitali ngati la maluwa. Ocasio anali mmodzi mwa oyamba kulowa m'golosale tsiku lija, ndipo kuyambira pamenepo akakumana ndi Nadine ankalonjera akuyang'ana nsapato zake.

Pakhomo anawalandira mkulu wa pamalopo, bambo Stallings, munthu wa tayi ndi mawu ofewa ngati wogulitsa mabokosi a maliro.

"Mayi Sizemore, pepani kwambiri. Ifenso tili ndi ana. Kawirikawiri sitilola alendo, koma inu khonsolo inakupempherani mwapadera. Khofi? Madonasi alipo, a lero lomwe."

"Ndadya, zikomo."

"Ine ndilawako," anatero Royce. "Si za ulere nazonso?"

Bambo Stallings anaseka pang'ono, n'kuwapatsa magalasi oteteza maso ndi tothira m'makutu. M'kati munali mozizira, monunkha oyilo. Pakati panali chigayocho, chobiriwira, chachitali ngati firiji ziwiri, kukamwa kwake kutayang'ana kudenga. Pambali panali tebulo lachitsulo, ndi kamera itaimikidwa pa miyendo itatu. Kukhoma la kumapeto kunali chibokosi chachikulu chamatabwa chimene Nadine sanachilabadire.

"Timajambula zonse," anatero bambo Stallings, "kuti khonsolo idzaone kuti ntchito yagwirika."

Ocasio anadula tepi n'kutsegula bokosi lija. Nadine anali asanaionepo mfutiyo. M'maloto ake inkakhala yaikulu ngati mtanda wa denga, yotentha, yopuma. Imene inali patebuloyo inali yakuda, yowonda, yokandika pang'ono pambali, ngati chidole chimene mwana watopa nacho. Anagwira m'mphepete mwa tebulo. Royce anamuyandikira, phewa lake n'kukhudza lake.

Panabwera bambo wina wamtali wa ovolosi yabuluu, wosalankhula. Anakankha timisomali tiwiri ndi chala chachikulu, mfuti n'kugawika pakati. Anasolola ichi, anapotokola icho, anagogoda apa, manja akuyenda okha ngati a mayi wosenda mbatata akucheza. Posakhalitsa patebulo panali mpope, thako lotsamiritsa paphewa, chogwirira, kachitsulo kokhethemulira, chitsulo chokankha zipolopolo, masipuling'i ndi tina ting'onoting'ono, zonse zitayalidwa mwadongosolo. Nadine anaganiza kuti chigayo sichingameze mfuti yathunthu, n'chifukwa chake akuyamba aiduladula ngati nyama ya mwana.

Bamboyo anatola chidutswa chimodzi, kabokosi kopepuka kosaposa chikhatho kwenikweni, kopanda kanthu m'kati, kolembedwa nambala pambali. Anakasonyeza ku kamera. Ocasio anayerekeza nambalayo ndi ya pa kapepala kaja, n'kugwedeza mutu. Chigayo chinayatsidwa. Kabokosi kanaponyedwa kukamwa, panamveka kukukuta kwa kanthawi kochepa, zinyenyeswa zonyezimira n'kugwera m'thireyi pansi. Chigayo chinazima. Kamera inazima.

Bambo Stallings anachotsa magalasi n'kutambasula dzanja. "Basi, mayi. Yapita. Sidzavulazanso munthu."

Nadine sanalandire dzanjalo. Maso ake anali pa bambo wa ovolosi, amene anali atatenga thumba lapulasitiki loonekera m'kati n'kuyamba kulongedzamo zotsala zija, mpope poyamba. Anachotsa tothira m'makutu tija, poganiza kuti mwina pali chimene sanamve.

"Zinazo mugaya nthawi yanji?"

"Zimenezo si mfuti, mayi."

"Si mfuti?"

"Pamaso pa lamulo, mfuti ndi kachidutswa ka nambala kaja. Zotsalazi ndi zitsulo chabe, ngati mabawuti a njinga."

"Nanga zikupita kuti?"

"Timazitsuka n'kuzigulitsa pa intaneti." Bambo Stallings ananena mosabisa, ngati munthu wonyadira ntchito yake. "Ndi mmene timakwanitsira kuthandiza makhonsolo popanda kuwalipiritsa. Zili m'pangano lomwe makhansala anu anasaina."

Nadine anayang'ananso thumba lija. Munthu amene watha nyengo zozizira zambiri ataweramira tizidutswa safuna kuuzidwa. Chithunzi chosowa kachidutswa kamodzi aliyense amaona kuti ndi hatchi.

Anatembenukira kwa mlongo wake. Royce anali atavula chipewa, donasi lolumidwa theka lili m'dzanja linalo.

"Achimwene?"

"Akunena zoona."

"Munkadziwa?"

"Ndimakayikira chabe. Ndinakufunsa m'galimoto muja."

"Munandifunsa ngati ndi tchalitchi. Wogula thumba limeneli amatani nalo?"

"Amagula kabokosi kena kusitolo, n'kulumikiza. Thumbalo limabwera pa positi, safunsa ngakhale kuti ndiwe mwana wa yani. Kukhala nazo patebulo la kukhitchini, mpira wa pa TV usanathe yatha."

"Mukudziwa bwanji?"

"Ndili nazo ziwiri zotero kunyumba."

"Zinachokera m'thumba la yani?"

Royce anayang'ana donasi lija ngati sakudziwa kuti lafika bwanji m'dzanja lake. Analiika patebulo. "Sindinafunse."

Nadine anatsegula chikwama, botolo la jamu n'kugundana ndi makiyi. "Chabwino, bambo Stallings. Ngati ndi malonda, ndigulitseni ine. Nenani mtengo, kenako muyatse chigayocho."

"Ndikanakonda, mayi, koma pano sitigulitsa. Zonse zimapita kosungira katundu, amakazitsuka n'kuzisankhula, mipope payokha, zogwirira pazokha, n'kulongedzanso. Mukhoza kugula pa intaneti ngati wina aliyense, koma sindingakulonjezeni kuti mpope wake ukhala womwewu."

"Ndiye ndigule yonse?"

"Imabwera ina sabata iliyonse." Anatsitsa mawu. "Ndipo dziwani kuti ife sitilengeza kumene katundu wachokera. Alipo anthu kunjaku amene angalipire kawiri atamva kuti ndi wa ku golosale ija. Ife zimenezo ayi. Timalemekeza ofedwa."

"Bambo Ocasio, inu mukuti bwanji?"

Wapolisiyo anali akuyang'ana nsapato zake. "Ine anandituma kudzaonerera nambala, mayi. Nambala yapita."

"Munalimo m'golosale muja. Munamuona Lacey."

"Ndinamuona, mayi."

"Chinamuboola chija ndi nambala?"

Ocasio sanadzutse mutu.

Apa m'pamene Royce anasuntha. Analanda thumba lija m'manja mwa bambo wa ovolosi, mosachita ndewu, ngati wolanda mwana mpeni, n'kulunjika ku chigayo.

"Yatsani, mkulu."

"Bambo, ameneyo ndi katundu wa kampani," anatero bambo Stallings.

"Mundisumire. Yatsani."

"Kumeneko ndi kuba, bambo Tackett, ndipo wapolisi ali pompano."

"Ine ndavotera ufulu wa mfuti moyo wanga wonse, musandiphunzitse. Mwana ameneyu ndinamunyamula ali wa tsiku limodzi, ndinamunyamulanso ali m'bokosi. Batani lake ndi liti?"

Anatambasula mkono kufuna kufikira kukamwa kwa chigayo, jekete n'kukwera, mfuti yake ya m'chiuno n'kuonekera. Inali pamene imakhala masiku onse, pomwe Nadine anasiya kuiona kalekale, ngati lamba. Koma Ocasio anaiona. Dzanja lake linagwera pa yake, ndipo mawu amene anatuluka sanali a mnyamata woyang'ana nsapato uja.

"Bambo Tackett, ikani thumbalo pansi. Manja ndiwaone."

"Iwe Ocasio, wandiiwala? Si ndimakuphunzitsa mpira iwe?"

"Manja ndiwaone, bambo."

Dzanja la wapolisiyo silinachoke pamfuti. Bambo Stallings anabwerera m'mbuyo pang'onopang'ono mpaka anafika pa desiki, zala n'kugwira dirowa. Bambo wa ovolosi anali atapisa dzanja kumbuyo, pansi pa malaya. Nadine anawayang'ana mmodzimmodzi. Onsewo anali anthu abwino, ophunzitsidwa, opemphera Lamulungu. Aliyense anali ndi mfuti yake yovomerezeka, ya nambala, yodzaza. M'chinyumba chonsecho chinthu chokha chimene sichinali mfuti chinali chija chinapha Lacey.

Anayenda n'kukaima pakati pa mlongo wake ndi wapolisi, nsana atapatsa wapolisiyo.

"Achimwene, siyani."

"Nadine, ndi mpope womwewu. Ndi womwewu."

"Ndikudziwa. Siyani."

"Ungondipatsa mphindi imodzi."

"Mphindi imodzi anandipatsa kale aphungu. Diresi lakuda ndili nalo limodzi, achimwene, ndipo latopa. Ikani pansi."

Royce anamuyang'ana. Maso ake anali ofiira. Kenako anawerama pang'onopang'ono, ngati nkhalamba, n'kuika thumbalo pa simenti, n'kukweza manja. Ocasio anapuma mpweya umene unamveka chinyumba chonse, dzanja n'kuchoka pamfuti. Dirowa ija sinatsegulidwe.

"Palibe chachitika," anatero bambo Stallings, akukonza tayi. "Tonse tamva chisoni lero. Palibe chachitika, si choncho, bwana?"

"Palibe," anatero Ocasio.

Bambo wa ovolosi anatola thumba lija, analimata kukamwa, n'kupita nalo ku chibokosi chamatabwa cha kukhoma. Nadine anamutsatira ndi maso, ndipo m'pamene anaona kuti chibokosicho chinali chodzaza pafupifupi kukamwa ndi matumba ofanana, onse oonekera m'kati, onse a mipope yakuda. Thumba linaponyedwa pamwamba. Analiyang'anitsitsa osaphethira, kuti alidziwe, kuti mwina mawa, mwina loya, mwina nyuzipepala. Koma mulu unagumuka pang'ono, matumba awiri atatu n'kutsetsereka, ndipo pamene unakhazikika sanathenso kunena kuti lake ndi liti.

Bambo Stallings anaona botolo la jamu likusuzumira m'chikwama. "Munabweretsa chotengera? Mwachita bwino. Ena zimawathandiza." Analitenga mwaulemu, anawerama yekha pa thireyi, n'kukokoloreramo zinyenyeswa zija ndi kabulashi, osasiya ngakhale kamodzi. Anatseka bwinobwino n'kumupatsa ndi manja awiri.

Zinyenyeswazo sizinakwirire n'komwe pansi pa botolo. Nadine analigwedeza, zinalira ngati mchere. Anaganiza za dzenje limene anakonza kukakumba kumapazi kwa Lacey, ndi kafosholo kamene anasiya pakhonde m'mawa. Anaganiza za positi, za munthu wina kwinakwake amene adzatsegule thumba patebulo la kukhitchini, TV ikulira, ana akusewera pansi.

"Tiye tizipita, Nadine," anatero Royce, chipewa chili m'manja.

Nadine sanasunthe.

"Bambo Stallings, ndithandizeni, mutu wanga ndi wa kukhitchini. Phewa la mnyamata uja linatsamira thako lija. Chala chake chinakoka kachitsulo kaja. Chipolopolo chinadutsa mumpope uja. Mwati zonsezo si mfuti."

"Pamaso pa lamulo, mayi."

"Ndipo achimwene angawa akuti mfuti siyenda yokha. Ndipo aphungu akuti vuto si lamulo."

Panja thirakitala inalira n'kuzima. Nadine anayang'ana wa tayi, anayang'ana wa yunifolomu, anayang'ana mlongo wake, botolo lili m'manja.

"Ndiye mwana wanga chinamupha n'chiyani?"